Kamfuti Kopepuka Kamene Ndinabisira Mkazi Wanga

Mkazi wanga analumala chifukwa cha ine. Sindinamumenye, sindinamulozetse chida, ndipo pamene zinkachitika ndinali kubafa ndikusamba. Koma mfuti imene inamuphwanya dzanja ndi bondo inali yanga. Ndinaisankha ndekha, ndinaigula ndekha, ndipo ndinamubisira kwa miyezi isanu ndi iwiri m'nyumba imene tinkagona tonse. Inu owerenga, makamaka inu amene mwayamba kuganiza zogula kamfuti koyenda nako m'thumba, ndikupempheni mumve kaye zimene zinandichitikira. Dzina langa sinditchula. Mkazi wanga ndizimutchula kuti Temwani, ngakhale kuti si dzina lake lenileni.

Kwathu ndi ku Chipata. Ku Chama ndinabwera pantchito ya ulangizi wa zaulimi, ndipo masiku ambiri ndinkakhalira pa njinga yamoto ya kuntchito, kuyendera alimi a chimanga ku Kambombo ndi midzi yozungulira. Kumeneko n'kumene ndinapeza Temwani, mwana wa mlimi wina amene ndinkamuyendera. Titakwatirana tinakhazikika pa boma. Iye anali telala. Makina ake opalasa ndi mwendo ankakhala pakhonde, ndipo ankasoka mayunifolomu a ana a sukulu ndi madiresi a amayi a kwaya. Ntchito yake inkadziwika moti anthu ankachoka kutali kudzamusiyira nsalu. Tinali ndi mwana mmodzi wamkazi, Lusungu. Sitinali olemera, koma m'nyumba mwathu munkamveka kuseka.

Zinthu zinayamba kusokonekera tsiku lina masana ndikuchokera ku Kambombo. Pali malo ena pamene msewu umadutsa mumtsinje wouma, ndipo chifukwa cha mchenga munthu umayenera kuchepetsa liwiro. Nditafika pamenepo ndinapeza chipika chitapingasa. Ndisanaganize n'komwe zobwerera, anthu awiri anatulukira m'tchire, wina ali ndi chikwanje, wina ndi chibonga. Anandigwetsa, kundimenya mpaka kundithyola nthiti, n'kutenga njinga, foni ndi nsapato zomwe. Ndinayenda wopanda nsapato pamchenga wotentha mpaka mlimi wina anandinyamula pa njinga yake yakapalasa.

Nthiti inapola, njinga inapezeka patapita masabata angapo, koma mumtima mwanga simunapole. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti tsiku limenelo ndinagwada. Ndinawagwira miyendo anthu aja, ndinawatcha mabwana, ndinalira ngati mwana kuti asandiphe. Zimenezi sindinauze munthu aliyense. Ndikamayandikira mtsinje uja ndinkadziuza kuti sindidzagwadiranso munthu m'moyo wanga.

Tsiku lina tikudya ndinamuyesa Temwani. Ndinati mwina ndi bwino ndikhale ndi kamfuti kodzitetezera panjira. Iye anasiya kudya n'kundiyang'ana. Anati, "A bambo a Lusungu, m'nyumba muno mfuti ayi. Ngati msewu ukukuopsani, pemphani kuntchito muziyenda awiri, kapena muzibwerera dzuwa lisanapendeke." Anayankhula mofatsa, ndipo zimene ananena zinali zanzeru. Koma ine ndinamva ngati akundiuza kuti ndine wamantha. Ndinangoti chabwino, nkhani yatha. Mawa lake ndinapita kukafunsa za mapepala ofunsira chilolezo.

Ndifuna mumvetse kuti sindinagule mfuti yakuba kapena ya pamsika wamseri. Ndinatsatira malamulo onse. Ndinalemba mafomu, anandifunsa mafunso, ndinadikira miyezi yambiri, mpaka chilolezo chinatuluka. Pa nthawi yonseyo mapepala ndinkawasunga ku ofesi. Boma linkadziwa kuti ndikufuna mfuti, koma mkazi wanga sankadziwa.

Mwayi unapezeka pamene anatiitana ku Lusaka ku msonkhano wa kuntchito. Msonkhano utatha ndinapita kusitolo ina yogulitsa mfuti. Wogulitsayo anali bambo wachikulire wa imvi, wosathamanga poyankhula. Anayala nsalu patebulo n'kuikapo mapisito atatu, yaikulu, yapakati ndi kakang'ono. Yaikuluyo sindinaiyang'ane n'komwe. Yapakatiyo anandigwiritsa, ndipo inakhala bwino m'dzanja, zala zonse zinapeza pogwira. Anati imeneyo ndi imene angalangize munthu amene sanagwirepo mfuti, chifukwa kulemera kwake kumathandiza kuti isadumphe kwambiri ikalira. Koma maso anga anali pa kakang'ono kaja. Nditakanyamula ndinadabwa. Kanali kopyapyala, kopepuka, kosasiyana kwenikweni ndi foni yaikulu. Nditakaika m'thumba la mkati la jekete n'kudziyang'ana pagalasi, sipanaoneke chilichonse.

Bambo aja anandiuza zoona zokhazokha. Anati timfuti ting'onoting'ono timanyenga anthu. Timaoneka ngati tosavuta koma timavuta kulunjikitsa, timamenya dzanja, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti eni ake amatiponya m'thumba ngati makiyi, mpaka kuiwala kuti anyamula chinthu chakupha. Anandionetsa kuti kameneka kanalibe kotsekera kapadera. Chitetezo chake chinali kachikwama kolimba kachikopa komanga palamba, kamene kamaphimba kachitsulo kokoka ndi chala kuti mfuti ilire. Anatinso ndigule bokosi lachitsulo lokiya losungiramo kunyumba, ndiponso ndipeze wondiphunzitsa. Kenako anandifunsa funso limene mpaka lero limandibwerera. Anati, "Mwalimbikira kuti isaoneke. Mukufuna asaione ndani?"

Ndinayankha kuti akuba. Linali bodza. Wakuba ataiona mwina akanaopa. Munthu amene ndinkafuna kuti asaione anali Temwani. Ndinasankha mfuti osati poyang'ana kuti ndingathe kuigwiritsa ntchito bwino, koma poyang'ana kuti ingabisike bwanji kwa mkazi wanga. Kachikwama kachikopako ndinagula pongofuna kuti bambo aja asiye kundilangiza, ndipo nditafika ku Chama ndinakaponya m'dirowa ya ku ofesi, chifukwa palamba kakanaonekera. Bokosi sindinagule, poti ndikanaliika pati osafunsidwa? Zophunzira nazo zinathera pa tsiku limodzi, pamene ndinapita ndekha kutchire n'kuwombera chitsa kangapo. Zipolopolo zambiri zinaphonya, ndipo dzanja linandiwawa masiku awiri.

Kuyambira pamenepo jekete yanga ya kaki inasanduka khungu langa. M'mawa ndinkatenga kamfutiko m'katoni ya mabuku a kuntchito imene inali pamwamba pa wadiropu, n'kukaika m'thumba la mkati. Madzulo ndinkadikira kuti Temwani apite kukhitchini, n'kukabwezera m'katoni muja. Poyamba ndinkayenda nako chipolopolo chisanalowe pamalo owombera. Koma ndinayamba kuganiza kuti achifwamba sadikira munthu kuti akonzeke, choncho ndinayamba kukasiya kali tcheru, kongodikira chala.

Amene munakhalako ku Chama mukudziwa mmene kumatenthera mu Okutobala. Anthu amafuna ngakhale malaya atavula, koma ine ndinali m'jekete. Anzanga a ku ofesi ankandiseka kuti ndili ndi malungo osatha. Kamfutiko ndinkapita nako kumsika, kumaliro, ngakhale kutchalitchi. Ndinkaimba nyimbo pakati pa anthu, ana akuthamanga pafupi nane, chinthu chija chili pachifuwa panga, ndipo palibe ankadziwa. Ndivomere kuti zinkandikomera. Ndinkamva ngati ndili ndi mphamvu imene ena alibe. Munthu akandiyankha mwamwano ndinkangomwetulira, mumtima ndikuti akanadziwa.

Koma kunyumba zinthu zinayamba kuzizira. Temwani akakwera kumbuyo kwa njinga ankakonda kundigwira pachifuwa, ndipo ndinayamba kumuchotsa manja n'kumuuza kuti azigwira chitsulo cha kumbuyo. Akabwera kudzandilandira pakhomo ndinkamuzemba ndi phewa. Tsiku lina anatenga jekete ija kuti akachape, ine ndinailanda m'manja mwake mwaukali moti Lusungu analira. Ndinayamba kutseka chitseko cha kuchipinda ndikamavula. Temwani si munthu wolongolola. Anangoyamba kukhala chete, ndipo nthawi zina ndinkamupeza makina ataima, iye akuyang'ana kumsewu. Anandifunsa kamodzi kokha ngati pali chimene ndikufuna kumuuza. Ndinati palibe. Sizinandifikire m'mutu kuti mkazi amene mwamuna wake akukana kugwiridwa, akutseka zitseko ndiponso akulondera thumba la jekete, angaganize chiyani.

Chenjezo loyamba linabwera pa mtsinje womwe uja. Ndikudutsa masana, munthu anatulukira m'tchire akukupiza manja. Sindinaganize. Ndinaponda mabuleki, dzanja linali kale m'jekete, ndipo kamfutiko kanali katatuluka theka, chala chili pamalo ake. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti anali mkulu wokalamba, wovala malaya ong'ambika. Mkazi wake anali atagona pansi pa mtengo, akudwala, ndipo ankangofuna womuthandiza kukafika naye kuchipatala. Mkuluyo sanaone chimene chinali m'dzanja langa. Ndinawanyamula mayiwo, ndipo titafika mkuluyo anabwera pambuyo n'kundithokoza mowomba m'manja. Ndikanakhala wanzeru ndikanaibweza mfutiyo sabata yomweyo. M'malo mwake ndinadziyamikira kuti dzanja langa lafulumira.

Chenjezo lachiwiri linachokera kwa alamu anga, achimwene ake a Temwani. Iwo amagwira ntchito yolondera nyama zakutchire ku Chifunda, ndipo akhala ndi mfuti zaka zambiri. Tinakumana ku Kambombo pa mwambo wa banja. Sanatenge nthawi. Anaona mmene jekete inkalendewera mbali imodzi ndi mmene dzanja langa linkapitira pachifuwa kawirikawiri. Anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kutambasula dzanja. Anati, "Alamu, tandipatsani ndione." Ndinafuna kukana koma maso awo sanandilole.

Kamfutiko anakalandira mosamala, kukaloza pansi, n'kuchotsa zipolopolo zonse, ndi chimene chinali chokonzeka kale chija. Atachiona anapukusa mutu. Kenako anandiuza kuti iwo amene amakumana ndi njovu ndi opha nyama sayenda ndi mfuti motero pakati pa anthu. Anafunsa za kachikwama kake, ndinati kali ku ofesi. Anafunsa kumene ndimasunga kunyumba, ndinawauza za katoni. Pomaliza anafunsa ngati mlongo wawo akudziwa. Nditavomera kuti sakudziwa, anati, "Manje mvetserani. Mukamuuze. Iye ndi amene amasesa m'nyumba muja, ndi amene amachapa zovala zanu. Mukapanda kumuuza ndimuuza ndine."

Ndinawachonderera kuti andipatse sabata imodzi kuti ndipeze nthawi yabwino, ndipo anavomera chifukwa ankandilemekeza. Patangopita masiku awiri anawatumiza kutchire kukalondera, kumalo kumene foni sigwira, ndipo ndinadziwa kuti akakhalako masabata angapo. Inu owerenga, m'malo moti ndigwiritse ntchito nthawi imeneyo kukonza zinthu, ndinapuma mpweya wabwino. Ndipotu tsiku la mwambo lija, ndisanafike n'komwe pa boma, ndinali nditabwezeramo zipolopolo.

Linali Loweruka, mu Novembala, mvula isanagwe. Ndinali ndi msonkhano wa alimi wokonzekera kubzala, ndipo ndinabwerera cha m'ma thiri koloko masana mutu ukuwawa ndi dzuwa. Lusungu anali kwa mnzake. Temwani anali pakhonde akusoka. Ndinalowa m'nyumba, kuvula jekete, kuikoleka pampando wa pabalaza, kutenga thaulo n'kupita kubafa kuseri. Kwa miyezi isanu ndi iwiri ndinali ndisanalakwitsepo chonchi. Koma kanthu kaja kanali kopepuka moti thupi linali litakazolowera, ndipo masiku ena ndinkachita kudzigwira pachifuwa kuti nditsimikize ngati kalipo. Tsiku limenelo ndinangovula ngati mmene munthu amavulira jekete ina iliyonse.

Zimene zinachitika m'nyumbamo anandifotokozera yekha pambuyo pake. Analowa kudzatenga ulusi, n'kuona jekete ili yokha kwa nthawi yoyamba. Kwa miyezi yambiri ankakhulupirira kuti ndili ndi mkazi wina ndiponso kuti m'thumba muja mumakhala foni yachiwiri yoyankhulira naye. Anakhala pampando, kuika jekete pamiyendo, n'kupapasa. Anamva chinthu cholimba, chopyapyala, cha msinkhu wa foni. Thumbalo linali lalitali ndi lopapatiza, ndipo nsalu ya mkati inali itayamba kung'ambika, choncho chinthucho chinakodwa. Anachigwirira kunja ndi dzanja lamanzere, n'kulowetsa zala za dzanja lamanja kuti achikoke. Chala chimodzi chinapeza pokola, ndipo anakoka.

Ine ndinamva kulira kwake ndili ndi sopo kumaso. Ndinadziwa nthawi yomweyo. Ndinathamanga nditangomanga thaulo, ndipo ndinamupeza atakhala pansi, atatsamira mpando, jekete ikufuka kautsi. Chipolopolo chinali chitaboola chikhatho chamanzere n'kukalowa m'bondo. Magazi anali ponseponse pa simenti. Sanakuwe. Anandiyang'ana ndi maso odabwa n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi n'chiyani chimenechi?" Mkazi wanga anali atawomberedwa, koma sankadziwa n'komwe kuti m'nyumba mwake muli mfuti.

Anansi anathamangira. Wina anang'amba nsalu ya kasitomala imene inali pamakina n'kumumanga, wina anabweretsa galimoto. Kuchipatala cha pa boma anachita zonse zimene akanatha kuti magazi asiye, kenako anati bondolo likufunika madokotala a mafupa kuchipatala chachikulu. Ulendo wake ndi wa maola ambiri pamsewu wa mabampu, ndipo anauyenda popanda ine, chifukwa apolisi anali atanditenga. Sindiwadandaula. Mkazi wawomberedwa m'nyumba, mfuti ndi ya mwamuna, aliyense akanaganiza zomwezo. Ndinakhala m'chitolokosi masiku angapo osadziwa ngati ali moyo. Amene ananditulutsa ndi Temwani yemweyo. Atangotha kuyankhula anauza apolisi kuti ine ndinali kubafa. Mfuti anailanda, chilolezo chinathetsedwa, khoti linandipeza wolakwa pa kusasamala chida, ndipo kuntchito anandiimitsa kwa kanthawi. Zonsezo zinali zondiyenera, ndipo zinali zazing'ono poyerekeza ndi zimene iye anataya. Zala ziwiri madokotala anazidula, zotsalazo sizipinda bwino, ndipo bondo linauma.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene chimandichititsa manyazi kuposa zonse. Nditatuluka ndinapeza nkhani itafala pa boma, koma itatembenuka. Anthu ankati mayi uja anadzipweteka yekha chifukwa cha nsanje. Kumsika ankati mkazi wabwino sapisa m'matumba a mwamuna wake. Amuna ena ankandigwira paphewa n'kumandipepesa ngati wolakwiridwa ndine. Ine ndinkamva zonsezo ndipo sindinatsutse. Zinkandipeputsira katundu.

Nditapita kukamuona kuchipatala chachikulu kuja, ndinamupeza atawonda, mwendo uli m'zitsulo. Nditakhala pambali pa bedi, iye ndi amene anayamba kuyankhula. Anati, "Pepani a bambo a Lusungu. Ndinakuganizirani zoipa, ndinapisa m'thumba mwanu." Inu owerenga, munthu amene ndinamulumaza anandipepesa. Pamenepo ndinayenera kugwada n'kumuuza kuti wolakwa ndine ndekha, kuti anandiletsa ine n'kukagula mobisa, kuti wogulitsa anandichenjeza, kuti achimwene ake anandilamula kuti ndimuuze ine n'kuzengereza dala. Koma ndinangomugwira dzanja labwinolo n'kunena kuti zachitika zachitika, tisazikumbutsenso. Ndinalandira kupepesa kwake ngati kuti ndinali woyenera kukulandira.

Alamu anga anamva nkhaniyi atatuluka kutchire, ndipo anafika kuchipatala patapita masiku atatu. Ine ndinali pomwepo. Sanandipatse moni. Anagwada pambali pa bedi la mlongo wawo, bambo wamkulu amene sindinamuonepo akugwetsa msozi, n'kuyamba kulira. Anamuuza kuti awakhululukire, chifukwa iwo anaiona mfutiyo, anaigwira ndi manja awo, ndipo akanamuuza tsiku lomwelo bwenzi ali ndi zala zake. Anati anakhulupirira lonjezo langa la sabata imodzi.

Temwani anatembenuza mutu n'kundiyang'ana. Anafunsa kuti papita nthawi yaitali bwanji chilonjezereni. Ndinati masabata atatu. Anafunsa kuti mfutiyo yakhala m'nyumba nthawi yaitali bwanji. Ndinati miyezi isanu ndi iwiri. Anafunsa kumene inkagona, ndipo nditatchula katoni ya pamwamba pa wadiropu anatseka maso. Anati Lusungu ankakwera pampando kukatenga mapepala ojambulapo m'katoni imeneyo. Zimenezo ine sindinkazidziwa. Anatembenukira kukhoma, ndipo tsiku limenelo sanandiyang'anenso.

Atatuluka m'chipatala sanabwerere kunyumba kwathu. Anapempha kuti amutengere kwa makolo ake ku Kambombo, pamodzi ndi mwana. Mabanja athu anakhala pansi, ndipo pamaso pa onse ndinanena zoona zonse, mochedwa. Ndinapitanso kutchalitchi kwathu n'kuimirira kutsogolo kuuza anthu kuti asiye kumunena mkazi wanga, chifukwa nsanje imene ankamunenayo ndinaibzala ndine ndi khalidwe langa. Ena anamva, ena mpaka lero amanenabe zakezo. Akuluakulu atamufunsa Temwani ngati akufuna banja lithe, anati sakudziwa. Anati za dzanja ndi mwendo akhoza kundikhululukira, chifukwa sindinafune kuti zichitike. Chimene chikumukanika ndi tsiku lija kuchipatala, pamene ndinamusiya apepese ndikudziwa zonse.

Papita zaka ziwiri tsopano. Ndinabwerera kuntchito, ndipo ndimadutsabe pa mtsinje uja, wopanda chida, nthawi zambiri ndili ndi mnzanga kumbuyo, monga mmene iye ananenera poyamba paja. Temwani sangathenso kupalasa makina, ndipo dzanja lotsogolera nsalu ndi lomwe linaphwanyika. Munthu amene ankaveka kwaya yonse tsopano amakhala pamphasa kusankha mtedza ndi dzanja limodzi. Lusungu amaphunzira kumudzi komweko. Ndimapita kukawaona kumapeto kwa mwezi uliwonse. Amandilandira mwaulemu, amandipatsa mpando, amandifunsa za ulendo, monga mmene amachitira ndi mlendo aliyense.

Ulendo wathawu ndinamuona akudzuka pamphasa kuti akanditungire madzi akumwa. Anagwira ndodo yake, anaimirira movutikira, ndipo chitenje chinamasuka. Anayesa kuchimanga ndi zala zitatu zija, chikupulumuka, akuyesanso. Ndinanyamuka kuti ndimuthandize. Anati, "Khalani, ndinazolowera." Ndinakhala pansi n'kumuyang'ana mpaka anamaliza yekha.

Inu owerenga, sindikunena kuti aliyense amene ali ndi mfuti ndi woipa, ndipo mantha a munthu amene anamenyedwapo panjira ndimawadziwa bwino. Koma ngati mantha akukutumani kusitolo, dzifunseni kaye ngati chikukuvutani ndi msewu kapena ndi manyazi a zimene zinakuchitikirani. Ine ndinkafunika munthu womuuza kuti ndinagwada ndi kulira, ndipo munthuyo ndinali naye m'nyumba. Ndikanamuuza zimenezo, mwina sindikanafuna chida n'komwe.

Ngati mwatsimikizabe kugula, musasankhe chifukwa chakuti n'kopepuka ndiponso sikaoneka. Kupepuka kumene kunandikopa ine n'komwe kunandiiwalitsa kuti ndanyamula imfa. Mverani amene amazidziwa zinthuzi. Phunzirani kwa munthu wodziwa, osati pa chitsa kutchire. Musaiponye m'thumba yopanda chophimba chake, ndipo kunyumba izikhala yokiyidwa, yopanda chipolopolo. Katoni ya pamwamba pa wadiropu si malo obisika, ana amafika kumene inu simuganizira.

Koposa zonse, anthu amene mumakhala nawo adziwe. Ngati mukuona kuti simungathe kumuuza mkazi wanu kapena mwamuna wanu kuti mukubweretsa mfuti m'nyumba, ndiye kuti simuyenera kuibweretsa. Ndipo ngati mwalakwa kale, munthu wina n'kuvulala chifukwa cha inu, nenani zoona tsiku lomwelo, iye asanayambe kudziimba mlandu. Achifwamba aja anandithyola nthiti imodzi ndipo inapola m'miyezi iwiri. Mfuti imene ndinagula kuti ndiwaopseze sinakumane nawo ngakhale tsiku limodzi. Inawombera munthu kamodzi kokha, pabalaza panga, ndipo munthuyo anali mayi wa mwana wanga.